Mchere wa ku Tswaing, thukuta la ku Wenela ndi BP ya ku Waterkloof

Mwezi wa Okutobala ukafika, mitengo ya jakaranda ya ku Waterkloof imayoyola maluwa ake apepo m'misewu, pamadenga a galimoto ndi pakapinga wa nyumba za akazembe. M'mamawa mumakhala anthu osesa. Ena amabwera pa minibasi kuchokera ku Mamelodi, ena amagona m'kachipinda ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu, ndipo pakati pawo sipalephera kumveka Chichewa, Chiyao kapena Chitonga cha ku Nkhata Bay. Dera limeneli lili pazitunda za kum'mwera chakum'mawa kwa Pretoria. Linali famu ya Mabunu lisanadulidwe mapuloti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo chiyambire nthawi imeneyo lakhala la anthu opeza bwino, pamene khitchini ndi dimba zakhala m'manja mwa anthu akuda.

Nthenda ya BP ili m'nyumba zonse ziwiri, yaikulu ndi yakuseri. Kafukufuku wa zaumoyo wa boma la South Africa wa mu 2016 anapeza kuti amayi 46 ndi abambo 44 mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ku Malawi, kafukufuku wa mu 2009 anapeza vutoli mwa munthu mmodzi pa atatu alionse a zaka zapakati pa 25 ndi 64, ndipo ambiri a iwo sankadziwa n'komwe. Anthu amaloza nkhawa, kunenepa, mowa ndi mchere, ndipo salakwitsa. Koma pali chinthu china m'thupi chimene kawirikawiri sichitchulidwa pawindo lolandirira mankhwala, chikhalirecho ndicho chimagamula kuti mchere umene munthu wadya utsale kapena utuluke. Dzina lake ndi aldosterone.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kolemera magalamu anayi kapena asanu, kotchedwa adrenal. Khungu lake lakunja ndilo limapanga homoni imeneyi, ndipo imene imapangidwa tsiku lonse siikwana ngakhale theka la miligalamu. Ntchito yake imayambira ku impso. Patsiku impso zimasefa madzi a m'magazi okwana malita 180, momwe muli mchere woposa kilogalamu imodzi, ndipo pafupifupi wonsewo zimaubwezera m'magazi. Magawo awiri kapena atatu omalizira mwa magawo 100 ndiwo ali m'manja mwa aldosterone. Munthu akataya magazi, akatsegula m'mimba kapena akatuluka thukuta lambiri, impso zimatulutsa renin, renin amadzutsa angiotensin, angiotensin amalamula adrenal, ndipo aldosterone amauza impso kuti zigwire sodiyamu n'kutaya potaziyamu mumkodzo. Kumene kwapita mchere madzi amatsatira. Magazi amachuluka m'mitsempha, ndipo munthu amene akanakomoka amaimirira.

Aldosterone ali ngati mayi wanzeru wa m'chaka cha njala, amene amamanga pakamwa pa thumba la ufa kuti ana afike nawo ku masika. Thupi la munthu linaumbidwa m'dziko limene mchere unali wosowa.

Umboni wa kusowako uli pafupi ndi Pretoria pomwepo. Makilomita 40 kumpoto kwa mzindawu, m'mphepete mwa Soshanguve, kuli chidzenje cha Tswaing, chotambalala kuposa kilomita imodzi, chimene chinakumbika mwala wochokera kumwamba utagwa zaka pafupifupi 220,000 zapitazo. Pansi pake pali thamanda la madzi amchere. Anthu olankhula Chitswana ndi Chisutu ankapita kumeneko kukaphika madziwo m'miphika mpaka atatsala mchere, ndipo mcherewo unkasinthanitsidwa ndi katundu wina kutali. Mabunu atafika anaufunanso, poti nyama yawo yofutsa ya biltong siitheka popanda mchere. Kuyambira mu 1912 mpaka m'zaka za m'ma 1950 kampani ya SA Alkali inkakumba soda ndi mchere pamalopo.

Kwathu nkhani inali yomweyo. M'chigwa cha Shire ndi m'madambo a nyanja ya Chilwa amayi ankapala dothi lamchere, n'kuliika mumphika woboola pansi, kuthiramo madzi, kenaka kuwiritsa madzi odonthawo mpaka aume. David Livingstone anaiona ntchito imeneyi akukwera Shire mu 1859. Kumene kunalibe dothi lotere anthu ankatentha zomera n'kusefa phulusa lake, monga amachitira ndi chidulo mpaka lero, ndipo mchere wa phulusa umakhala ndi potaziyamu wambiri kuposa sodiyamu. Chinthu chovuta kupeza chotere sichikanakhala chopanda mwambo. Mayi amene ali kumwezi sankathira mchere m'ndiwo, ankaitana mwana kuti athire. Wophwanya mwambo wa m'banja n'kuthira mchere ankati adula anzake, ndipo chimodzi mwa zizindikiro za mdulo chinali kutupa. Mdulo ndi nkhani ya chikhulupiriro, siyofanana ndi matenda a m'mabuku a madokotala, komabe n'zoonekeratu kuti makolo ankauona mchere ngati chinthu champhamvu, chosayenera kuseweretsa.

Mmene thupi limakhalira m'moyo wopanda mchere zinaonekera bwino mu 1975, ofufuza a ku University of Michigan atayeza Ayanomami a m'nkhalango za kumalire a Brazil ndi Venezuela, amene sankathira mchere m'chakudya. Aldosterone wawo anali wokwera kwambiri, mkodzo wawo unali ndi sodiyamu wochepa zedi, ndipo BP yawo sinkakwera akamakalamba. Homoniyo inkagwira ntchito imene inalengedwera.

Azungu anachedwa kuzindikira ntchito ya tiziwalo ta adrenal. Chaka cha 1855, chomwe Marthinus Pretorius anakhazikitsa tawuni ya Pretoria, ndi chakanso chimene Thomas Addison wa pachipatala cha Guy's ku London anasindikiza buku lofotokoza odwala ofooka, othimbirira khungu, amene atamwalira anapezeka kuti tiziwalo tawo ta adrenal tinawonongeka, ambiri chifukwa cha TB. Chaka chotsatira Charles Brown-Séquard anachotsa tiziwaloti mwa nyama ndipo nyamazo zinafa. Zinadziwika kuti timapanga chinachake chosunga moyo, koma chinachakecho chinakhala chobisika kwa zaka pafupifupi 100.

Nkhani yomvetsa chisoni kwambiri ya m'zaka zimenezo inalembedwa mu 1940 ndi Lawson Wilkins ndi Curt Richter a ku Johns Hopkins, ku Baltimore. Kamnyamata ka zaka zitatu ndi theka kankanyambita mchere wa pa mabisiketi, kulirira botolo la mchere la patebulo, n'kumaudya wokhawokha ndi chala. Makolo ake ankakalola. Katagonekedwa m'chipatala kanapatsidwa chakudya cha odwala onse, chamchere wochepa, ndipo patangopita sabata kanamwalira. Atakapima anapeza kuti adrenal wake anali wolumala. Mwanayo ankadzisunga yekha ndi moyo ndi mchere umene thupi lake linkalephera kugwira.

Amene anaigwira homoniyi anali anthu awiri a pasukulu ya madokotala ya Middlesex Hospital ku London: Sylvia Simpson, katswiri wa zamoyo wobadwira ku Siberia, ndi James Tait, katswiri wa fizikisi. Anapeza njira yoyezera mphamvu ya madzi ofinyidwa ku adrenal poona sodiyamu ndi potaziyamu mumkodzo wa makoswe, ndipo mu 1952 anasonyeza kuti muli chinthu chatsopano champhamvu zedi, chimene anachitcha electrocortin. Kuti achione ndi maso anagwirizana ndi Tadeus Reichstein wa ku Basel, yemwe anali atalandira kale mphoto ya Nobel mu 1950, pamodzi ndi akatswiri a kampani ya Ciba. Mu 1953 anafinya tiziwalo ta adrenal ta ng'ombe tolemera makilogalamu 500 n'kupezamo mamiligalamu 21 okha. Mu 1954 kapangidwe kake kanadziwika ndipo dzina linasintha kukhala aldosterone. Simpson ndi Tait anakwatirana mu 1956, ndipo mu 1959 anasankhidwa tsiku limodzi kulowa m'bungwe la Royal Society. M'zaka zimene homoniyi inkafufuzidwa, mu London momwemo, dokotala wina wochokera ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda, ankaona odwala ku Harlesden, mpaka pamene anasamukira ku Gold Coast mu 1953.

Mbali ya mbiriyi imene ikukhudza Amalawi pakhungu penipeni ndi ya thukuta. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a America ankagwa ndi kutentha kuzilumba za Pacific, ndipo dokotala wa ku Ann Arbor, Jerome Conn, anapatsidwa ntchito yofufuza mmene thupi limazolowerera kutentha. Anaika anthu m'chipinda chotentha ndi chachinyezi n'kumayeza thukuta lawo. Anapeza kuti pakapita masiku angapo thukuta limachuluka koma mchere wake umachepa kwambiri, ndipo anaganiza kuti amene akuchititsa zimenezi ndi adrenal. Homoni imene ankaiganizirayo inadzapezeka kuti ndi aldosterone.

Eni migodi ya golide ku Joni anali ndi vuto lomweli, poti mgodi ukamapita pansi mwala umatentha, ndipo anthu ankafa ndi kutenthako. Bungwe la Chamber of Mines linali ndi malo ofufuzira otsogozedwa ndi Cyril Wyndham, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1960 anakonza njira yozoloweretsa olembedwa kumene. Amuna ankalowetsedwa m'chipinda cha nthunzi ali chibadwire kapena atangovala kansalu, n'kumakwera ndi kutsika pa kabenchi motsatira kugunda kwa chizindikiro, maola anayi patsiku kwa masiku angapo, kwinaku akuyezedwa kutentha kwa thupi. Imfa za kutentha zinachepadi. Koma amene anadutsamo ankakumbukira zipindazo ndi mkwiyo, chifukwa munthu wamkulu, bambo wa ana, ankasandutsidwa chinthu choyezedwa pagulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi imeneyo anaposa 100,000, ndipo ambiri mwa agogo amene anabwera ndi njinga, wailesi ndi bokosi lachitsulo kuchokera ku Wenela anakwerapo pa kabenchi kameneko. Chimene chinkachitika m'matupi mwawo masiku amenewo chinali chomwe Conn anaona: aldosterone ankaphunzitsa khungu kusataya mchere.

Mu Ogasiti 1971 Kamuzu anatera pabwalo la ndege la asilikali la Waterkloof, lomwe lili chakum'mwera kwa dera la nyumbali, paulendo wake wa boma ku South Africa. Pasanathe zaka zitatu, mu Epulo 1974, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, ndipo iye analetsa kulemba anthu a m'migodi. Njira ya ku Joni sinatsekeke. Inangosintha, ndipo zidzukulu za anthu a m'migodi lero zili m'madimba, m'makhitchini, m'mashopu ndi pazipata.

Conn uja anabwereranso m'mbiriyi mu 1954. Kuchipatala chake kunafika mayi wa zaka 34 amene kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankavutika ndi kukokana kwa minofu, kufooka mpaka kulephera kuyenda, ndi BP yokwera. Potaziyamu m'magazi mwake anali wotsika kwambiri. Conn ananena kuti mayiyu ali ndi aldosterone wochuluka, ndipo atamuchita opaleshoni anapeza chotupa cha masentimita anayi pa adrenal wakumanja. Chitachotsedwa, BP inatsika ndipo mphamvu zinabwerera. Nthendayi mpaka lero imatchedwa ndi dzina la Conn. Kwa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsidwa kuti ndi yosowa. Masiku ano zikudziwika kuti anthu 5 mpaka 10 mwa 100 alionse a BP ali nayo, ndipo mwa amene BP yawo imakana kutsika ndi mitundu itatu ya mankhwala, akhoza kufika mmodzi pa asanu. Aldosterone wochuluka samangokweza BP, amaumitsanso minofu ya mtima ndi kuwononga impso, kotero kuti odwalawa amagwidwa sitiroko kawirikawiri kuposa anzawo a BP yofanana.

Mankhwala ake sanachedwe. Kampani ya G. D. Searle ya ku Chicago inapanga spironolactone kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, mankhwala otseka pamene aldosterone amagwira. Mu 1999 kafukufuku wa RALES, wa odwala mtima 1,663, anasonyeza kuti kapiritsi kameneka kamachepetsa imfa ndi magawo 30 mwa 100. Mu 2015 kafukufuku wa PATHWAY-2 ku Britain anapeza kuti pa BP yokanika, spironolactone amaposa mankhwala ena amene anawayerekeza naye. Ndi mankhwala akale, otsika mtengo.

Ku Africa kuno nkhani ya BP inayamba ndi kukana. Mu 1929 dokotala C. P. Donnison analemba m'magazini ya Lancet kuti pakati pa odwala a kumudzi amene anawaona ku Kenya sanapezemo BP yokwera, ndipo kwa nthawi yaitali azungu ankati imeneyi ndi nthenda yawo. Patapita zaka 50, Y. K. Seedat wa ku Durban anayeza Azulu n'kupeza kuti m'tawuni pafupifupi mmodzi pa anayi ali ndi BP, pamene kumudzi anali mmodzi pa khumi. Anthu anali omwewo, magazi omwewo. Chimene chinasintha ndi chakudya, ntchito, malo ogona ndi mtendere wa mumtima pansi pa malamulo a mapasi.

Komabe madokotala anaona chinthu china chobwerezabwereza: odwala ambiri akuda amakhala ndi renin wotsika, chizindikiro choti thupi lagwira kale mchere ndi madzi ochuluka. Mwa ena chifukwa chake ndi aldosterone. Mwa ena homoniyo ili bwinobwino koma njira imene sodiyamu amalowera mu impso imakhala yotseguka nthawi zonse, monga Grant Liddle wa ku Vanderbilt, mumzinda wa Nashville, anafotokozera mu 1963. Mu 2003 Brian Rayner ndi anzake a ku University of Cape Town ndi chipatala cha Groote Schuur anapeza kusintha kwa chibadwa kotchedwa R563Q pa njira yomweyo mwa odwala akuda ndi amakaladi, ndipo pambuyo pake kunapezeka kuti n'kofala pakati pa Asan. Odwala otere amathandizidwa ndi amiloride, mankhwala enanso akale. Mu 2017 kafukufuku waung'ono wa ku Nigeria, Kenya ndi South Africa anayesa kusankha mankhwala potengera renin ndi aldosterone wa wodwala aliyense. Patatha chaka, theka la oyezedwawo BP yawo inali itatsika bwino, pamene mwa olandira chithandizo cha masiku onse anali mmodzi pa asanu ndi anayi. Mu 2019 kafukufuku wa CREOLE, wotsogozedwa ndi Dike Ojji wa ku Abuja m'maiko asanu ndi limodzi kuphatikizapo Mozambique, anasonyeza kuti kuphatikiza mankhwala kokhala ndi amlodipine kumagwira bwino mwa odwala akuda.

Zimenezi sizikutanthauza kuti munthu wakuda anabadwa ndi thupi lolakwika. Zikutanthauza kuti kwa zaka zambiri ankapatsidwa mankhwala oyesedwa pa anthu ena, popanda womuyeza iye mwini. Kumeneko ndi kunyalanyaza, ndipo kwapha anthu.

Boma la ku Pretoria linachitapo kanthu pa mbali ya chakudya. Mu Malichi 2013 nduna ya zaumoyo, Aaron Motsoaledi, inasaina malamulo oika malire a sodiyamu m'zakudya za m'fakitale, ndipo South Africa inakhala dziko loyamba kuchita zimenezi pa mitundu yambiri ya zakudya nthawi imodzi. Kuyambira Juni 2016 buledi sankaloledwa kupitirira mamiligalamu 400 a sodiyamu pa magalamu 100, ndipo mu 2019 malirewo anatsika kufika pa 380. Majarini, masoseji, supu wa m'mapaketi, manudulo ndi timabuloko tokometsera ndiwo zinalowanso m'lamuloli. Ofufuza a ku North-West University anapeza kuti mchere umene achinyamata amadya patsiku unatsika ndi galamu imodzi ndi pang'ono. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, supuni yaing'ono imodzi.

Supuni imodziyo imatha msanga m'kachipinda kakuseri. Munthu woweruka madzulo atatopa, amene akusunga randi iliyonse kuti atumize kumudzi, amagula zosavuta: buledi ndi polony m'mawa, atchar masana, madzulo nsima ya ufa wa m'sitolo ndi mapazi a nkhuku othira kabuloko ka Knorrox, Aromat pamwamba, ndi mchere wina wa m'manja. Usipa wouma wobwera pa basi kuchokera kwathu umathiridwanso mchere. Nkhwani, bonongwe, nyemba, mbatata ndi nthochi, zimene zinkabweretsa potaziyamu kumudzi, pano n'zogula. Ndipo mutu ukamawawa, amene amalipidwa patsiku amawerengera kaye ganyu amene ataye akakaima pamzere wa kukiliniki, ndipo amene mapepala ake sali bwino amaopa kufunsidwa pachipata. Abwana a m'nyumba yaikulu, BP yawo ikakanika, dokotala wapadera amawatumiza kukayezetsa renin ndi aldosterone, mwina ndi kukajambulitsa adrenal. Makina ake ali mumzinda womwewo.

Chilungamo chake n'chakuti kuyeza kumeneku kukusoweka paliponse. Ngakhale ku America, kafukufuku wa m'zipatala za asilikali opuma anapeza kuti mwa odwala BP yokanika, oyezedwa aldosterone sanakwane 2 mwa 100. Ku Malawi kuyezaku n'kosowa kwambiri, koma potaziyamu amayezedwa m'zipatala zikuluzikulu, ndipo spironolactone alipo. Mankhwalawa si ongogula n'kuyamba kumwa: amakweza potaziyamu mpaka kuopseza mtima mwa munthu wa impso zofooka, amatupitsa mabere mwa amuna ena, ndipo sayenera mayi woyembekezera. Amafuna dokotala ndi kuyeza magazi.

Inu amene mukumwa mitundu itatu ya mapiritsi a BP mokhulupirika koma nambala sizikutsika, kapena BP inakuyambani musanafike zaka 40, kapena mumakokana miyendo, kufooka ndi kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, musangolandira mapiritsi omwewo n'kubwerera. Kaya muli ku Waterkloof, ku Mamelodi kapena ku Mangochi, pitani ndi mapaketi onse a mankhwala anu, muwauze adokotala kapena anamwino kuti, "Chonde mundiyeze potaziyamu ndi impso, ndipo mundiuze ngati vuto langa lingakhale la aldosterone."